Katemera wa Covid-19: tibwereze yemweyo kapena tisinthe?

Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo, ndipo lero tikulankhula tili kuno ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja, m'boma la Nkhata Bay. Moni kwa inu a ku Bandawe, a ku Kande, a ku Tukombo ndi midzi yonse yozungulira. Asodzi amene mwangokocheza kumene, amayi amene mukuyanika usipa pathandala, agogo amene mwakhala pakhonde wailesi ili pambali, senderani pafupi. Kwa eni dera tikuti yewo potilandira.

Nkhani yathu lero ndi ya katemera wa Covid-19, matenda aja ambirife tinkangowatchula kuti kolona. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti, "Kolona inatha kale, lero yabweranso bwanji pa wailesi?" Dekhani, tifikako. Funso limene tikufuna tiliunike ndi ili: munthu amene anabayitsa kale, ikakwana nthawi yolandira katemera wowonjezera chitetezo, uja ena amati busita, kodi ayenera kufuna mtundu womwe uja anabayitsa poyamba, kapena angathe kulandira mtundu wina?

Yankho ndikupatsiranitu pompano, kuti ngati batire ya wailesi ingathe tili pakati mukhale mutatola kanthu. Mitundu iwiri yosiyana ya katemerayu imagwirizana bwinobwino m'thupi la munthu mmodzi. Kubwereza mtundu womwewo kumatetezanso. Choncho mukafika kuchipatala n'kupeza dzina la katemera likusiyana ndi limene linalembedwa pa khadi yanu, musabwerere. Landirani amene azaumoyo ali naye tsikulo.

Koma munthu wamkulu sangomuuza kuti chita chakuti osamuuza chifukwa chake. Ndiye tiyenda chonchi: tikumbutsana kaye mmene mitundu yosiyanasiyana inafikira m'dziko muno, kenako tiona zimene katemera amachita akalowa m'thupi, timve zimene ofufuza anapeza, ndipo kumapeto tikambe za amene akufunika kwambiri katemera wowonjezerayu masiku ano.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Matendawa anapezeka koyamba m'Malawi kumayambiriro kwa Epulo 2020. Kuno kunyanja tinaona malo ogona alendo akuzizira, zimagalimoto za alendo zimene zinkaima pa Kande zitasiya kubwera, achinyamata osema ziboliboli akusowa wowagula. Koma mwezi umene unatigwedeza tonse unali Januwale 2021, pamene nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Apo ndi pamene ngakhale uja ankati ndi matenda a azungu anayamba kufunafuna masiki.

Katemera woyamba anafika mu Malichi chaka chomwecho, kudzera mu ndondomeko ya maiko yogawana katemera yotchedwa COVAX. Anali wa AstraZeneca, wopangidwa ku India. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba, ndipo wachiwiri wawo, malemu a Saulos Chilima, anabayitsa pafupi pompa ku Mzuzu. Katemerayu anali wobaya kawiri, ndipo anthu ankauzidwa kuti adzabwerenso pakatha milungu 12.

Apa ndi pamene nkhani yathu ya lero inayambira. India itapanikizika ndi mliri kwawo, inaimitsa kutumiza katemera kunja. Pofika mu Juni, nthawi imene anthu oyamba aja amayenera kubayitsa kachiwiri, katemera anatha m'zipatala zambiri m'dziko muno. Mwezi wa Meyi, mukukumbukira, unduna wa zaumoyo unali utatentha ku Lilongwe katemera wokwanira anthu pafupifupi 20,000 amene masiku ake ogwirira ntchito anali atatha. Mwezi uno tikutentha, mwezi wamawa tikusowa. Umo ndi mmene zimakhalira ukamadalira zopatsidwa: susankha tsiku, susankha mtundu. AstraZeneca wina anadzafika mu Julayi, mu Ogasiti kunabwera wa Johnson & Johnson wobaya kamodzi uja, ndipo pambuyo pake kunafika wa Pfizer, amene ankabayanso ana a zaka 12 mpaka 17.

Kuno kwathu palinso chinthu china chimene chinasakaniza makhadi. Anthu a Nkhata Bay ndi oyenda kuyambira kalekale. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, kwawo kunali ku Chifira, pafupi ndi Bandawe pompa, ndipo mpaka lero ndi mabanja ochepa amene alibe wachibale ku Joni. Tsono dziko la South Africa linaika pambali AstraZeneca kumayambiriro kwa 2021, n'kumagwiritsa ntchito Johnson & Johnson ndi Pfizer. Ndiye taganizirani za mwana wanu amene anabayitsa Pfizer ku Johannesburg kapena ku Durban, wabwera kumudzi kudzaona makolo, wapeza kuchipatala kuli mtundu wina. Kapena mlongo wake amene anabayitsa AstraZeneca pa Chintheche, wapita ku Joni kumene katemerayo kulibe. Mafunso a kusakaniza sanachokere m'mabuku ayi, anachokera m'maulendo ngati amenewa.

[Kanyimbo]

Mukumvera pulogalamu ya zaumoyo kuchokera ku Chintheche, ndipo tikukambirana ngati munthu angalandire katemera wa Covid-19 wa mtundu wosiyana ndi amene analandira poyamba. Tsopano tilowe m'thupi.

Kachirombo ka kolona kali ndi timinga kunja kwake, ndipo ndi timinga timeneti kamaboolera n'kulowa m'thupi mwathu. Akatemera onse atatu amene tawatchula, AstraZeneca, Johnson & Johnson ndi Pfizer, ntchito yawo ndi imodzi: kuonetsa asilikali a m'thupi maonekedwe a kaminga kameneka, kuti kachirombo kenikeni kakadzabwera adzakazindikire msanga. Mulibe kachirombo ka kolona kamoyo m'katemera aliyense mwa atatuwa, ndiye sangakupatseni matendawa.

Nanga amasiyana pati? Tiyerekeze kuti padooko pabuka wakuba maukonde. A gulupu akufuna mudzi wonse udziwe nkhope yake. Angathe kutuma mthenga panjinga atanyamula chithunzi, kapena angathe kutumiza chithunzi chomwecho pafoni. Nkhope ya wakubayo ndi imodzi, chosiyana ndi chimene chabweretsa uthenga. AstraZeneca ndi Johnson & Johnson amatuma mthenga: uthenga wa kaminga kaja amaunyamulitsa kachirombo kena ka mtundu wa chimfine, kamene anakafoola kuti kasathe kuswana m'thupi. Pfizer alibe mthenga wotere. Uthenga wake amaukulunga m'timadontho tamafuta tating'onoting'ono, thupi limawerenga, ndipo pakapita masiku ochepa uthengawo umasungunuka wokha.

Tsono mvetserani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani. Asilikali a m'thupi ndi atcheru kwambiri. Mthenga uja akabwera koyamba, amaloweza nkhope ya wakuba, komanso amaloweza nkhope ya mthengayo, poti nayenso ndi mlendo. Akabweranso kachiwiri kapena kachitatu, ena mwa asilikaliwo amamutsekereza panjira asanamalize kupereka uthenga. Uthenga umafikabe, koma mwina wochepa mphamvu. Ukadzera njira ina imene sakuidziwa, umafika wonse. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka pofotokoza chifukwa chake munthu amene anayamba ndi AstraZeneca kapena Johnson & Johnson, akawonjezera Pfizer, chitetezo chake chimakwera kwambiri.

Ndipo kusakaniza si chinthu chachilendo monga mmene ena amaganizira. Amayi amene mumapita ndi ana kusikelo ndinu mboni. Katemera wa poliyo mwana amalandira wodonthezera m'kamwa, komanso amalandira wobaya. Imeneyo ndi mitundu iwiri yosiyana, yopangidwa mosiyana, yolimbana ndi matenda amodzi, m'thupi la khanda la miyezi itatu. Ndi angati mwa ife amene tinafunsapo kusikelo kuti katemera wa mwana wapangidwa ndi kampani iti? Timangopereka kabuku, mwana amabayidwa, amalira pang'ono, timabereka n'kumapita. Maina a makampani tinayamba kuwaloweza nthawi ya kolona basi, chifukwa ankatchulidwa tsiku ndi tsiku pa wailesi ndi pa WhatsApp.

Komabe nkhani ya moyo sitingaimalize ndi kuganizira chabe. Pamafunika kuyesa. Ndiye timve zimene anapeza amene anayesa.

Ku Britain, akatswiri a payunivesite ya Oxford anatenga anthu mazanamazana a zaka 50 kupita m'tsogolo n'kuwagawa m'magulu. Ena analandira AstraZeneca kawiri, ena Pfizer kawiri, ena anayamba ndi uyu n'kumaliza ndi uyo. Zotsatira zinatuluka pakati pa chaka cha 2021. Amene anayamba ndi AstraZeneca n'kutsatiza Pfizer anali ndi chitetezo chochuluka m'magazi kuposa amene analandira AstraZeneca kawiri. Amene anayamba ndi Pfizer n'kutsatiza AstraZeneca chitetezo chawo chinali chabwino, koma sichinapose cha amene analandira Pfizer kawiri. Mukuona tsono kuti kusakaniza pakokha si matsenga. Amene amapindula kwambiri posintha ndi uja anayamba ndi katemera wa mthenga. Ndipo m'Malawi muno ambiri mwa akuluakulu tinayamba ndi ameneyo.

Ku America nako anayesa anthu amene analandira Johnson & Johnson. Amene anawawonjezera Johnson & Johnson yemweyo chitetezo chawo chinakwera, koma amene anawawonjezera Pfizer kapena mnzake wofanana naye wotchedwa Moderna, chinakwera kuwirikiza kambirimbiri. Mu Okutobala 2021 boma la kumeneko linalola anthu kusankha mtundu uliwonse wa katemera wowonjezera. Ku Germany, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, mayi Angela Merkel, anayamba ndi AstraZeneca n'kumaliza ndi Moderna. Ndikutchula zimenezi chifukwa kunamveka manong'onong'o akuti kusakaniza ndi kwa ife osauka, kuti akungotitsirira zotsala. Ayi ndithu. Maiko olemera ndiwo anayamba kusakaniza, ndipo ankachita kufuna.

Mwina wina wayamba kudandaula kuti, "Ine ndinabwereza mtundu womwewo, ndiye kuti ndinataya nthawi?" Simunataye nthawi, ndipo umboni wake uli pafupi, ku South Africa. Kumeneko anthu ogwira ntchito m'zipatala pafupifupi theka la miliyoni analandira Johnson & Johnson m'kafukufuku wotchedwa Sisonke. Chakumapeto kwa 2021 ambiri a iwo anawawonjezera Johnson & Johnson yemweyo, ndipo nthawi yomweyo kunabuka mtundu watsopano wa kachiromboka wotchedwa Omicron. Anthuwa ankagwira ntchito pakati pa odwala tsiku lililonse, koma kwa amene analandira wowonjezerayo chiopsezo chodwala mpaka kugonekedwa m'chipatala chinatsika ndi magawo oposa 7 mwa magawo 10. Katemera wake yemweyo, wobwereza, anawateteza.

Apa pali phunziro limene ine ndimaliona lofunika kuposa mpikisano wa maina. Chitetezo chimene amayeza m'magazi ndi mbali imodzi chabe. Thupi lili ndi asilikali ena amene amasunga chikumbukiro kwa nthawi yaitali, ndipo amenewa ndiwo amathandiza kwambiri kuti munthu akadwala asafike posowa mpweya. Katemera sanalonjeze kuti simudzatsokomola. Chimene amachita bwino ndi kukutalikitsani ndi bedi la m'chipatala ndiponso ndi manda, ndipo pa ntchito imeneyi wosakaniza ndi wobwereza onse anakhoza.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litaunika maumboni onsewa, mu Disembala 2021 linanena kuti maiko angathe kugwiritsa ntchito mitundu yosiyana mwa munthu mmodzi, malinga ndi katemera amene alipo. Ndiye ndibwerezenso zimene ndinanena poyamba paja: mukapeza dzina lina kuchipatala, musabwerere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pepani, pulogalamu ya zaumoyo siyenera kutamanda fodya, koma mwambiwo wanena zoona. Kuchokera kumidzi ya kutali kufika pa Chintheche ndi ndalama ya kabaza kapena ulendo wa miyendo, ndipo munthu amene wabwerera lero kuti akadikire dzina limene amalikonda, kawirikawiri sabweranso.

[Kanyimbo]

Tikupitiriza, omvera athu. Tsopano tikambe za zimene munthu amamva m'thupi akabayitsa, chifukwa ndi pamene pamachokera mantha ambiri, ndipo sindikubisirani kanthu.

Ofufuza a ku Oxford aja anapezanso kuti amene anasakaniza ankamva zowawa zochulukirapo pang'ono kuposa anzawo: mkono kulemera, mutu kupweteka, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, kutentha thupi. Zimenezi zinkatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye ngati ndinu msodzi, musabayitse masana n'kukonza zokagwira chilimira usiku womwewo, makamaka nyengo ya mwera pamene nyanja imafuna munthu wamphamvu zake zonse. Sankhani tsiku limene mawa lake mungathe kupuma. Amayi, ngati n'kotheka musinjiretu ufa wa kondowole dzulo lake, poti mkono ukhoza kukana musi. Imwani madzi ambiri, ndipo panado amathandiza.

Koma pali chenjezo limene ndi lathulathu kuno kunyanja. Dera lino ndi la malungo. Thupi likatentha munthu atangobayitsa, n'kosavuta kunena kuti ndi katemera, n'kumangogona. Kutentha thupi kukapitirira masiku awiri, kapena kukakula, kapena kukayamba patapita masiku angapo chibayitsireni, pitani mukayezetse malungo. Udzudzu sudziwa kuti munabayitsa katemera wa kolona.

Palinso zovuta zina zimene zimachitika mwa apo ndi apo, kwa anthu ochepa kwambiri, koma muyenera kuzidziwa. Ndi AstraZeneca komanso Johnson & Johnson, panapezeka anthu ochepa amene magazi awo anaundana m'mitsempha. Zizindikiro zake zimabwera pakati pa masiku anayi ndi mwezi umodzi: mutu wopweteka kwambiri wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, m'mimba kupweteka kosalekeza, mwendo kutupa, kapena kubanika. Ndi Pfizer, anyamata ndi abambo achichepere ochepa anatupa mnofu wa mtima, makamaka m'sabata yoyamba. Chizindikiro chake ndi kupweteka pachifuwa ndi mtima kugunda mothamanga, ndipo ambiri anachira atathandizidwa. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musadikire kuti kuche kawiri, thamangirani kuchipatala. Ndipo mukangobayitsa, khalani kaye pamalopo kwa mphindi zosachepera 15 monga amanenera azaumoyo, kuti ngati thupi lingadane ndi katemerayo mwadzidzidzi akuthandizeni pomwepo.

Apa ndiye pali anthu amene kwa iwo kusintha mtundu ndi lamulo. Ngati katemera woyamba anakutupitsani nkhope kapena milomo, anakubanikitsani, kapena munagonekedwa naye m'chipatala, musangokhala chete n'kupereka mkono. Auzeni adokotala kapena anamwino musanabayidwe. Iwo ndi amene angaone ngati mukufunika mtundu wina kapena ngati ndi bwino kusiya kumene. Safunsa anadya phula.

Tibwerere tsopano kwa uja anang'ung'udza kumayambiriro kuti kolona inatha. Mu Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Silinanene kuti kachiromboka katha. Kadakalipo, kakusinthasintha, koma kakupeza anthu ambiri ali ndi chitetezo, ena chifukwa cha katemera, ena chifukwa anadwalapo. Ofufuza a ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre atayeza magazi a anthu opereka magazi m'dziko muno, anapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumana kale ndi kachiromboka, ambiri osadziwa n'komwe. Munthu amene anadwalapo kenako n'kubayitsa amakhala ndi chitetezo cholimba kuposa amene anangodwala chabe. Koma chitetezo chimenechi chimazilala miyezi ikamapita, ndipo chimazilala msanga mwa okalamba ndi odwaladwala.

N'chifukwa chake malangizo a masiku ano sakunenanso kuti aliyense azibayitsa mobwerezabwereza. Mnyamata wathanzi wovina malipenga, amene anamaliza katemera wake, si amene akutidetsa nkhawa. Amene WHO ikuti aziganiziridwa poyamba ndi agogo athu okalamba, anthu odwala shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi mtima, a matenda a impso kapena a m'mapapo, amayi oyembekezera, anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, ndiponso ogwira ntchito m'zipatala. Kwa ambiri mwa amenewa malangizo ndi akuti alandirenso pakatha miyezi 6 mpaka 12 chilandirireni womaliza, ndipo kwa amayi, kamodzi pa mimba iliyonse. Inu amene mukumwa ma ARV, katemerayu salimbana ndi mankhwala anu. Pitirizani kumwa monga mwa nthawi zonse, ndipo tsiku lokatenga mankhwala mufunse za katemera.

Ndiye funso loyamba musanafike pa dzina la katemera likhale lakuti, kodi ine kapena wina m'nyumba mwanga ali m'gulu limeneli? Ngati ali m'gululi, mufunseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani pa chipatala cha Chintheche, kapena chipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi, mukamve ngati katemera alipo ndi tsiku limene akubaya. Amene muli ndi foni mungathenso kufunsa ku Chipatala Cha Pa Foni. Kufunsiratu n'kofunika chifukwa botolo limodzi limakhala la anthu angapo, ndipo likatsegulidwa liyenera kutha tsiku lomwelo, ndiye nthawi zina azaumoyo amafuna anthu abwere pamodzi.

Pali chinanso chimene chasintha, chimene chikuchititsa kuti mtsutso wa "yemweyo kapena wina" uzitha wokha. Mu Meyi 2024 kampani ya AstraZeneca inalengeza kuti yasiya katemera wake uja, ponena kuti anthu sakumufunanso kwambiri poti kwabwera akatemera ena okonzedwa mogwirizana ndi mitundu yatsopano ya kachiromboka. Ndiye agogo amene khadi yawo inalembedwa AstraZeneca mu 2021, akati adikire yemweyo, adzadikira mpaka kalekale. Ngakhale Pfizer amene akupangidwa masiku ano si ndendende uja wa poyamba. Dzina ndi lomwelo, koma chithunzi cha kaminga anachisintha kangapo potsatira mmene kachirombo kakusinthira.

Mawu awiri okhudza khadi. Isungeni pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, m'pepala la pulasitiki, poti kuno chinyontho ndi chiswe sizichedwa kudya mapepala. Amene muli ndi foni yojambula, ijambuleni. Khadi imathandiza azaumoyo kudziwa tsiku limene munabayitsa komaliza, ndipo tsikulo ndi lofunika kuposa dzina la katemera. Ngati inatayika, kapena inatsala ku Joni, pitanibe mukafotokoze zimene mukukumbukira: chaka, mwezi, malo, ndiponso ngati munabayidwa kamodzi kapena kawiri. Simuyenera kuyambiranso pachiyambi chifukwa choti papita nthawi yaitali kapena chifukwa choti mtundu wasintha. Thupi silinaiwale. Ndipo chonde musabwereke khadi ya m'bale wanu, chifukwa azaumoyo adzakupangirani chiganizo potengera mbiri ya thupi la munthu wina.

Za mphekesera sinditaya nazo nthawi yambiri. Tinauzidwa kuti obayitsa onse adzafa pakatha zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinakwana mu 2023, ndipo obayitsa aja tikudya nawo batala mpaka lero. Tinauzidwa kuti amayi sadzaberekanso, koma kusikelo mizere sinafupike. Za kusakaniza nazo kunamveka zoti mitundu iwiri ikakumana imamenyana m'magazi. Pofika tsiku lobayitsa wachiwiri, woyamba uja anasungunuka kalekale. Chimene chimatsala m'thupi ndi chikumbukiro cha asilikali basi, ndiye palibe woti amenyane ndi mnzake.

Nthawi yathu yatsala pang'ono kutha. Madzulo ano mukamadya, tayang'anani amene mwazungulira nawo mbale. Kodi pali agogo, pali wodwala shuga kapena BP, pali mayi woyembekezera? Anabayitsa liti komaliza, ndipo khadi yawo ili kuti? Ngati pali wina amene anapita kuchipatala n'kubwerera chifukwa anapeza dzina lachilendo, mufunseni chimene chinamuopsa, ndipo mumufotokozere zimene mwamva lero. Kodi ndani angamuperekeze ulendo wotsatira?

Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakambirana za likodzo ndi ana athu amene amasewera m'madzi tsiku lonse. Amene muli ndi mafunso pa nkhani ya lero, apatseni alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena tilembereni kuno ku wailesi, tidzawayankha kumayambiriro kwa pulogalamu imeneyo. Asodzi amene mukulowa m'madzi usiku uno, muyende bwino.